Bodi yanji pa Ryzen 5 5600? Ndithandizeni ndisanatumize ndalama ku Joni

Nachisale wa Makamera:
Mwaswera bwanji nonse pa gulu. Akuluakulu a makompyuta, ndithandizeni maganizo. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndiye ntchito yodula mavidiyo yaikulira laputopu yanga, ikumatentha mpaka kuzima yokha. Achimwene anga a ku Joni ananditumizira purosesa ya Ryzen 5 5600, yatsopano m'bokosi mwake, fani yake ilimo. Khadi la graphics ndili nalo kale, RX 6600, ndinagula kwa mnzanga amene amasamuka. Chatsala ndi motherboard, bodi ija yaikulu imene zida zonse za kompyuta zimalumikizidwapo. Dzulo ndazungulira ku Limbe ndi m'tauni, shopu ina andionetsa A520, ina B450, aliyense akulumbira kuti yakeyo ndiye yeniyeni. Achimwenewo akuti ngati ndikufuna B550 ndinene sabata ino, apatsira munthu amene akubwera pa basi kumapeto kwa mwezi, kungoti mtengo wake ndi wokwererapo. Zimasiyana pati zimenezi? Zilembo ndi manambalawa angondizunguza mutu.

Mfana wa pa Ndix:
X570 basi sisi. Zinazo n'zidole za ana.

Admin:
Aise, munthu wafunsa za bodi zitatu, iwe ukubweretsa yachinayi yodula kuposa zonsezo. Fotokoza chifukwa, apo ayi khala phee uphunzire nawo.

Mfana wa pa Ndix:
Chifukwa ndi yapamwamba, Admin. PCIe 4.0 paliponse, njira yothamanga yolumikizira khadi la graphics ndi SSD. Munthu ukagula kamodzi wagula.

Madala wa ku Ginnery:
Chemwali, tiyambe ndi zimene sitingakangane. Purosesa yanuyo imakhala pa soketi ya AM4. A520, B450, B550, ngakhale X570 ya mnyamatayu, zonse n'za AM4, ndiye kukhala ikhala pa iliyonse. Za Intel musaziyang'ane n'komwe. Za AM5 monga B650 nazonso ayi, ngakhale n'za AMD yomweyo, soketi yake ndi ina.

Chachiwiri chimene a m'mashopu sakuuzani n'chakuti bodi siwonjezera liwiro la purosesa. 5600 ili ndi ma core 6, ma thread 12, ndipo sidya magetsi ambiri, pa pepala analemba 65W. Muiike pa X570, muiike pa B550, vidiyo ya ukwati ituluka nthawi yofanana. Ndalama ya bodi imagula malo olumikizapo zinthu, imagula mphamvu yodyetsera purosesa magetsi osatentha kwambiri, imagulanso mtendere wa tsiku loyamba, kuti mukadina batani chinthucho chiyake. Kwa ife a ku Blantyre chomalizachi ndiye chachikulu, ndibweranso kudzachifotokoza.

Ndiyankheni kaye izi. RAM muli nayo? Kesi muli nayo? Nanga mavidiyowo mumasunga pati?

Nachisale wa Makamera:
Zikomo madala. RAM ndimaganiza zochotsa ya mu laputopu, analemba DDR4, ndi 8GB ziwiri. Kesi ndili nayo ya kompyuta yakale ya mu ofesi, zija zopyapyala zochokera ku UK, Dell OptiPlex. Mavidiyo ali pa ma hard drive awiri akunja, koma ndikufuna SSD yothamanga yoti ndizidulirapo.

Wa MUBAS chaka chachitatu:
Pepani achemwali, apo zonse ziwiri sizitheka. RAM ya laputopu ndi yaifupi, ili ndi mapini 260, pomwe ya desktop ndi yaitali ya mapini 288. Dzina la DDR4 n'limodzi koma sizilowana. Kesiyonso ayi. Ma OptiPlex ambiri opyapyalawo bodi yake anaipanga mwa okha, mabowo a masikuluwu sagwirizana ndi bodi zogula padera, waya wa power supply ndi wawo, ngakhale waya wa batani loyatsira. Komanso RX 6600 silowa m'kesi yopyapyala, ndi yaitali msinkhu.

Nachisale wa Makamera:
Mayo ine. Ndiye bajeti yaphulikatu.

Mphunzitsi wa ku Bangwe:
Bola mwadziwa lero ndalama ili m'manja. Laputopuyo musaiphwasule, muigulitse yathunthu kapena muzipita nayo ku ntchito pokopera makhadi a kamera. OptiPlex nayo ili ndi msika, masukulu ndi ma stationery amazifuna.

Madala wa ku Ginnery:
Mwana wa ku Poly wanena zoona. Ife timatibe Poly, za MUBAS zinabwera mochedwa. Ndiye poti kesi mugula yatsopano, dziwani kukula kwa bodi. ATX ndi yaikulu, 305mm kwa 244mm. Micro-ATX ndi 244 kwa 244, ndipo kawirikawiri dzina lake limakhala ndi M kumapeto, monga B550M. Mini-ITX ndi kakang'ono ka 170 kwa 170, kokongola koma kodula, ndipo kali ndi malo awiri okha a RAM. Inu tengani micro-ATX. Ndi yotsika mtengo kuposa inzake, imalowa m'kesi pafupifupi iliyonse ya m'mashopu athuwa, ndipo amene akubwera nayo pa basi sadandaula ndi bokosi.

Tsopano zitatu zija.

A520 inatuluka mu 2020. Ndi ya anthu a mu ofesi, Word, Excel, intaneti. Imayendetsa 5600 bwinobwino, sindikuinyoza, koma zonse pamenepo ndi PCIe 3.0, ndipo zambiri zotchipazo zili ndi malo awiri okha a RAM ndi malo amodzi a M.2, poikapo SSD yothamanga ija. Kwa munthu wa mavidiyo pamenepo mpamene pali msampha. Lero muika 16GB, chaka chamawa kasitomala akuti akufuna 4K, mukufuna 32GB, malo atha. Mugulitse ziwiri zija motchipa kuti mugule zina zazikulu. Pomwe pa bodi ya malo anayi mumangowonjezera.

B450 ndi ya 2018. Inali bodi yabwino m'nthawi yake, ndipo zina monga Tomahawk Max ya MSI mpaka pano zimagwira ntchito ngati bulu. Nayo ndi PCIe 3.0. Vuto lake ndi msinkhu. Inabadwa Ryzen 5000 kulibe.

B550 ndi ya 2020. Malo a khadi la graphics ndi M.2 yoyamba zimayenda pa PCIe 4.0, zotsalazo pa 3.0. Kwa 5600 ndiye saizi yake.

Mfana wa pa Ndix:
Mwaona madala, "zotsalazo pa 3.0". X570 zonse 4.0.

Madala wa ku Ginnery:
Nanga chemwaliyu ali ndi ma SSD angati a Gen 4, a PCIe 4.0 amenewo, oti adzaze malo onsewo? Akufuna imodzi. Ndiponso X570 zambiri zili ndi kafani kakang'ono pa chipset, kachipangizo ka pa bodi kamene kamaipatsa dzina la X570 limenelo. Iwe ukhala ku Ndirande, fumbi la August mpaka October ukulidziwa. Makompyuta amene amabwera pa tebulo langa nthawi imeneyo ndikatsegula ndimapeza mafani atavala bulangete lofiirira. Fani yaikulu umaipukuta, kakang'onoko kakayamba kulira ngati njuchi ukapeza kuti kena kuno?

Mfana wa pa Ndix:
Pali X570S yopanda fani.

Madala wa ku Ginnery:
Ilipo. Umulipirira ndiwe?

Wa MUBAS chaka chachitatu:
Ndiwonjezere pa nkhani ya PCIe, chifukwa pa khadi lawoli ikukhudza pang'ono. RX 6600 imagwiritsa ntchito ma lane 8 okha, osati 16. Pa B550 ma lane amenewo ayenda pa 4.0, pa B450 kapena A520 atsikira pa 3.0, njira yachepa ndi theka. Kunena chilungamo, pa ntchito zambiri kusiyanako n'kochepa, simungakuone ndi maso. Kumene kumaonekera pa manambala ndi pa SSD. SSD ya NVMe, yoika pa M.2 ija, ikakhala ya Gen 3 imathera cha m'ma 3,500MB pa sekondi, ya Gen 4 yabwino imafika cha m'ma 7,000. SSD wamba ya SATA ndi cha m'ma 550.

Mphunzitsi wa ku Bangwe:
Koma tisamunamize mwanayu. Mavidiyo ake akuchokera pa memory card ya kamera ndi ma hard drive akunja. Zimenezo n'zochedwa kale, 7,000 imeneyo aionera pati? Ine ndikuti B450 ya ku Limbe ndi yokwana. Aiona ndi maso, aigwira ndi manja, ikavuta abwerera nayo pa minibasi. Ya ku Joni ikafika yakufa adandaulira ndani?

Admin:
Funso la aphunzitsili ndi lolemera. Madala, munati mubweranso.

Madala wa ku Ginnery:
Ndabwera. Aphunzitsi, pa liwiro la SSD mwalasa, sindikutsutsani. Pa B450 ya m'shopu ndiye tiyeni tikambirane.

Bodi iliyonse ili ndi kapulogalamu kake kotchedwa BIOS, kamene kamazindikira purosesa. Ryzen 5 5600 inatuluka mu 2022. B450 imene inapangidwa 2019 n'kukhala pa shelefu kudikira wogula, BIOS yake siidziwa 5600. Mumanga zonse bwinobwino, mudina batani, mafani azungulira, magetsi ayaka, sikirini bii. Palibe chawonongeka, koma bodi ndi purosesa sizikudziwana. Kuti muikemo BIOS yatsopano pa bodi wamba pamafunika purosesa yakale imene bodiyo ikuidziwa, monga Ryzen 5 2600 kapena 3600, muiike, mupange update, muichotse, muike yanu. Chemwaliyu aitenga kuti? Ndipo mukabwerera ku shopu, akuuzani kuti bodi ndi yamoyo, vuto ndi purosesa yanu imene simunagule kwa iwo.

Ngakhale B550 zoyambirira za 2020 zikhoza kuchita chimodzimodzi. Ndiye dzina la chipset palokha si chitetezo. Chitetezo ndi kabatani kena kamene kamakhala kumbuyo kwa bodi, pafupi ndi ma USB, kapena pa bodi penipenipo. MSI amati Flash BIOS Button, ASUS amati USB BIOS FlashBack, Gigabyte amati Q-Flash Plus. Kameneko kamalola kuika BIOS yatsopano popanda purosesa, popanda RAM, popanda sikirini.

Kachitidwe kake n'kotere. Mutenga fulashi yaing'ono, muifomata FAT32. Mukopera fayilo ya BIOS ya bodi yanuyo ndendende kuchokera pa webusaiti ya kampani, n'kuisintha dzina. Pa MSI imakhala MSI.ROM, pa Gigabyte GIGABYTE.bin, a ASUS amapereka kapulogalamu kosinthira dzinalo. Bodi muigoneka pa katoni yake, mulumikiza waya wamkulu wa mapini 24 ndi wa purosesa wa mapini 8. Fulashi ilowa pa USB imodzi yokha imene anaizunguliza kamzere, osati ina iliyonse. Mudina kabatani, kagetsi kayamba kuphethira. Mukhale pansi, manja m'thumba, mpaka kasiye kokha. Mphindi zingapo basi.

Ndiye kaya mugula ku Limbe kaya ku Joni, lamulo langa ndi limodzi: yopanda kabatani kameneko musatenge. B450 ya m'shopuyo ikakhala nako, kapena pa bokosi pali chomata chonena kuti ndi yokonzekera Ryzen 5000, ndipo mwini shopu avomera kuti muyese purosesa yanu pompo musanalipire, aphunzitsi apambana mlandu.

Nachisale wa Makamera:
Ndaimbira a shopu aja. Akuti ndi B450M ya malo awiri a RAM, za kabatani sakuzidziwa, ndipo kuyesa ayi, akuti bokosi likatsegulidwa ndiye kuti ndagula.

Mphunzitsi wa ku Bangwe:
Aaa, ngati zili choncho ndabweza mawu. Imeneyo isiyeni.

Wa Intel Mpaka Kale:
Mavuto onsewa ndi a AMD. Mukanagula Core i5-12400F ndi B660 bwenzi pano mukudula mavidiyo. Gulitsani purosesayo sisi.

Wa MUBAS chaka chachitatu:
Bwana, Intel nayo ili ndi zake. Soketi ya LGA1700 imatenga 12th, 13th ndi 14th gen, koma B660 yakale ukaipatsa i5-13400 kapena 14400 imafunanso update ya BIOS, nkhani yomweyi. Kuwonjezera apo bodi za LGA1700 zilipo za DDR4 ndi za DDR5, dzina lofanana, kusiyana kachilembo kumapeto. Ukapanda kuwerenga bwino ugula RAM yosalowa. Ndipo H610 yotchipa ija ndi mphwake wa A520, malo awiri a RAM. 12400F ndi purosesa yabwino, imapikisana ndi 5600 bwino lomwe, koma kugulitsa mphatso yatsopano moluza kuti ugule chinthu chofanana nacho mphamvu, phindu lake lili pati?

Wa Intel Mpaka Kale:
Quick Sync, mwana iwe. Pa mavidiyo Intel ndi mfumu.

Wa MUBAS chaka chachitatu:
Quick Sync, yofulumizitsa ntchito ya mavidiyo ija, imakhala mu graphics ya m'kati mwa purosesa. Inu mwatchula 12400F. F ameneyo akutanthauza kuti graphics mulibe, Quick Sync mulibenso. Mukanati 12400 yopanda F ndikanakuvomerani.

Mfana wa pa Ndix:
Kkkkk bigi agwa nayo.

Wa Intel Mpaka Kale:
Chala chinaterereka pa F. Mfundo ndi yomweyo.

Admin:
Nkhondo ya Intel ndi AMD tinamenya kale mwezi watha ndipo palibe anafa. Purosesa ilipo kale, tikusankha bodi.

Ankolo a ku Joni:
Ndalowa mochedwa, ndinali ku shifiti. Ine ndili kunoko ndipo zinthu zimenezi ndimatumiza kumudzi kawirikawiri, ndiye ndinenepo za ulendo. Mdzukulu, auze achimwene ako zinthu izi. Agule yatsopano m'shopu yopereka lisiti, lisitilo alisunge iwowo konkuno chifukwa warranty igwira ntchito kuno, osati ku Blantyre. Asanapatsire munthu, atsegule bokosi aone ngati muli kachitsulo kotsekera kumbuyo kuja, mawaya a SATA, ndi tisikuluwu ta M.2. Tisikuluwuto n'tating'ono ngati njere ya mpiru koma ukatisowa uyenda tauni yonse. Ngati angathe, apemphe a shopu aike BIOS yatsopano konkuno, ena amachita. Ndipo bokosi likhale m'chikwama cha m'manja, lisapite pansi pa basi pamodzi ndi matumba ndi zigubu za mafuta ophikira. Ulendo wodutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza si wamasewera. Kope la lisiti liyende ndi katunduyo, pa boda a MRA akafunsa mtengo pasakhale zongopeka.

Nachisale wa Makamera:
Zikomo ankolo. Ndiye ndiwauze dzina liti lenileni? Ndikangoti B550 akagula iliyonse, iwo za makompyuta sadziwa, ndi a zomangamanga.

Madala wa ku Ginnery:
Apatseni mayina awiri kapena atatu, atenge imene aipeze pa mtengo wabwino. MSI B550M PRO-VDH WIFI, Gigabyte B550M DS3H, kapena ngati thumba likulola ASUS TUF Gaming B550M-Plus. Zonsezi ndi micro-ATX, malo anayi a RAM, M.2 ziwiri. Koma musadalire pakamwa panga pokha. Mabodi amatuluka m'mitundu yofanana mayina, ndiye akaipeza ajambule bokosi kutsogolo ndi kumbuyo, muponye pano tione kabatani kaja ndi maso.

Chinanso choti muyang'ane pa chithunzi: kumanzere kwa soketi ya purosesa, pafupi ndi kumbuyo, pali timabokosi tating'ono tondandalikana. Imeneyo ndi VRM, imatsitsa 12V ya power supply kufika pa kamphamvu kochepa kamene purosesa imadya. Pa bodi yabwinoko pamakhala chitsulo chozizilitsa pamwamba pake, pa zotchipitsitsa pamakhala pambalambanda. Wa Excel sangaone kusiyana. Inu mukamatulutsa vidiyo ya maola awiri ma core onse ali pa 100%, masana a October m'nyumba ya malata, mbali imeneyo imatentha zedi, ndipo ikatentha kwambiri bodi imachepetsa liwiro la purosesa kuti idziteteze. Chitsulocho chidzakuthandizaninso mukadzafuna kukwera. AM4 ili ndi Ryzen 7 5700X ya ma core 8, ili ndi Ryzen 9 5900X ya ma core 12 imene ndi ya 105W. Bodi ya VRM yovala idzanyamula zimenezo osasintha china chilichonse.

Wa MUBAS chaka chachitatu:
Apa pokha madala ndikufuna ndikutsutseni pang'ono. AM4 inayamba 2016, yakalamba. Zatsopano zonse zikupita ku AM5, ndipo AMD inalonjeza kuti AM5 ikhalapo mpaka 2027 kapena kupitirira. Kodi n'kwanzeru kuthira ndalama yambiri pa bodi ya soketi imene ikutha? Mwina atenge yotchipitsitsa, asunge ndalama ya AM5.

Madala wa ku Ginnery:
Funso labwino, ndipo n'chifukwa chake ndakana X570. Koma taganiza za kwathu kuno. AM5 imafuna DDR5 basi, ndiye kusamuka kumatanthauza purosesa, bodi ndi RAM zonse pakamodzi, zonse zogula ndi ndalama yakunja. Unaona zimene zinachitika November 2023 kwacha itagwa ndi 44%, mitengo ya m'mashopu a makompyuta inasintha anthu tikuona. Munthu amene wamanga kompyuta lero ku Blantyre akhala nayo zaka zambiri, sasintha ngati a pa YouTube aja. Ndipo amene akusamukira ku AM5 kunjako akugulitsa ma Ryzen 7 ndi Ryzen 9 awo a AM4, amenewo ndi amene adzatifikire ife. Ndiye bodi yapakatikati yolimba, osati yapamwamba, osatinso ya pansi penipeni. Akanakhala kuti sanagule kalikonse, bwenzi tikukamba za Ryzen 5 7600 ndi B650, imeneyo ndi nkhani ina.

Mfana wa pa Ndix:
Bola ikhale ya RGB sisi, kompyuta izioneka kuti muli ndalama.

Mphunzitsi wa ku Bangwe:
Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Magetsi amitundumitundu sadula vidiyo.

Nachisale wa Makamera:
Kkkk a Ndix mundisiye. Nanga WiFi ndi yofunika? Ndimagwiritsa ntchito hotspot ya foni, nthawi zina ka MiFi.

Wa MUBAS chaka chachitatu:
Ngati mulibe rauta yokokera waya, tengani ya WiFi. Imabwera ndi Bluetooth yomwe, ndiye mahedifoni alumikizika. Tinyanga tiwiri timene tili m'bokosi mutimange kumbuyo, popanda timeneto siginolo imakhala yofooka ngakhale foni ili pa tebulo pomwepo. Ikapezeka yopanda WiFi yotchipa kwambiri si mlandu, foni mukhoza kuilumikiza ndi waya wa USB n'kupatsira intaneti, kapena kugula ka adaputala.

Chinthu china chimene chimasokoneza ambiri tsiku loyamba: kumbuyo kwa bodi mupeza HDMI. Musalumikizepo sikirini. 5600 ilibe graphics m'kati, bowo limenelo ndi la mapurosesa a G monga 5600G. Waya wa sikirini upite pa RX 6600, m'munsimo.

Mayi a Saloni ku Chilomoni:
Pepani kulowerera. Ine mwana wanga ali ndi 5600G imeneyo, alibe khadi la graphics. Nayenso agule B550?

Madala wa ku Ginnery:
Mayi, kwa iyeyo nkhani isintha pang'ono. 5600G imathera pa PCIe 3.0 ngakhale muiike pa B550, ndiye 4.0 ija mulipira koma simuilawa. A520 yabwino kapena B450 ya BIOS yatsopano imukwanira. Chachikulu kwa iye ndi RAM ziwiri, osati imodzi, chifukwa graphics ya m'katiyo imabwereka RAM yomweyo, ikakhala imodzi masewera amatsimphina. Aonenso kuti kumbuyo kuli bowo logwirizana ndi sikirini yake, poti masikirini ambiri a kaunjika kuno ndi a VGA.

Mayi a Saloni ku Chilomoni:
Ambuye akudalitseni, ndimuuza.

Wamagetsi wa ku Machinjiri:
Nonse mwakamba za bodi, palibe watchula chimene chimapha mabodi kuno. Ndalama imene mwapulumutsa pokana X570 ipite ku power supply ya dzina lodziwika komanso UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akathima. Power supply zija zimabwera zomangirira kale m'makesi otchipa, zopepuka ngati mulibe kanthu, pa chomata analemba 500W, musaziyese pa khadi ngati RX 6600. Pezani ya 550W kapena 650W yeniyeni yokhala ndi waya wa mapini 8 wa khadilo.

Magetsi akathima sindiopa kwambiri, ndimaopa pobwera. Amabwera ndi mphamvu, nthawi zina kuphethira kawiri katatu asanakhazikike. Mukukumbukira 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira mmene tinkakhalira, kuthima ndi kuyaka tsiku lonse. Nyengo ya mvula kuli ziphaliwali, ndipo zimalowera ngakhale pa waya wa netiweki, osati pa pulagi pokha. Kukayamba kugunda zulani zonse kukhoma, UPS si mankhwala a mphenzi.

Ndipo zimene anafotokoza madala za kabatani ka BIOS zija, musadzachite pa magetsi a kukhoma okha. Akathima kagetsi kali m'kati mophethira, BIOS imatsala theka. Ubwino wake bodi ya kabatani imalola kuyambiranso, koma bwanji kudziika pa mtima phaphapha? Lumikizani pa UPS yodzadza, kapena kachitireni kwa mnzanu wa sola.

Nachisale wa Makamera:
UPS ndinali ndisanaiwerengere n'komwe. Yaikulu bwanji?

Wamagetsi wa ku Machinjiri:
Yoti ikupatseni mphindi zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino, osati yoti muzigwirira ntchito mdima wonse. Musanyengeke ndi nambala ya VA, yang'anani ma watt. Ka 650VA kambiri kamapereka ma watt osafika 400, ndipo kompyuta yanu ikamatulutsa vidiyo pamodzi ndi sikirini ikhala ikuyandikira pamenepo. Kwererani cha m'ma 1000VA kupita m'mwamba. Printa ya laser musaikepo.

Mfana wa pa Ndix:
Sisi ngati ndalama yavuta pali mnyamata wina akugulitsa B550 yogwiritsidwapo kale pa Facebook, ndikupatseni nambala ku inbox?

Admin:
Manambala a anthu pa gulu ayi, ku inbox ndi nkhani yanu. Koma wogula yakale aliyense amve izi: osatumiza Mpamba kapena Airtel Money musanaone chinthu chikuyaka.

Madala wa ku Ginnery:
Yakale si yoipa ngati mwaiyesa. Mupite ndi purosesa yanu, RAM ndi fulashi. Iyake mpaka mu BIOS inu mukuona. RAM muisinthe m'malo onse anayi, chifukwa bodi yodwala imakonda kufa malo amodzi. Fulashi muilowetse pa USB iliyonse. Muinunkhize, fungo la kupsa silibisika. Muitembenuze kumbuyo muone ngati pali pamene padera kapena pamene wina anawotcherapo. Pa AM4 mapini ali pa purosesa, soketi ndi ya mabowo, ndiye pochotsa fani muyambe mwaipotoza pang'ono kumanzere ndi kumanja. Mukangoikoka molunjika, phala lija limagwira ngati ulimbo, purosesa imazukira limodzi ndi fani, mapini n'kupindika. Ndawongolapo ambiri ndi kansonga ka pensulo ya makina, si ntchito yoti muifune.

Koma kwa chemwaliyu, woti kompyutayi ndi imene izimudyetsa ndipo ali ndi munthu womugulira yatsopano ya lisiti, ine ndikuti yatsopano.

Wa MUBAS chaka chachitatu:
Pa RAM yogulayo: DDR4-3200 ya desktop, ziwiri zogulira limodzi m'paketi imodzi. Ngati mungakwanitse 16GB ziwiri ndi bwino kwambiri pa mavidiyo, apo ayi 8GB ziwiri muyambirepo. Muziike pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa, pa bodi analemba A2 ndi B2. Mukayatsa mulowe mu BIOS mutsegule XMP, pa ASUS amati DOCP, apo ayi RAM ya 3200 ikhoza kumayenda pa 2133 kapena 2400 inu osadziwa. Muli momwemo onani kuti fTPM ndi yotsegula, Windows 11 imafuna TPM 2.0. Buku la bodi muliwerengenso pa nkhani ya M.2 yachiwiri, pa mabodi ena mukaikapo SSD mabowo ena a SATA amasiya kugwira ntchito.

Nachisale wa Makamera:
Ndalemba zonse m'kope. Achimwene ndawatumizira mayina atatu aja, ayankha kuti Loweruka akaweruka apita kukaona, ndipo RAM agula konko. Kesi, power supply ndi UPS ndigula konkuno poti n'zolemera, ndikagulitsa OptiPlex ija. Chithunzi cha bokosi ndiponya pano asanalipire. Madala, kumanga mumalipiritsa bwanji? Ine mapini aja andiopsa.

Madala wa ku Ginnery:
Za mtengo tikambirana ku inbox. Koma mudzamanga nokha ine nditaima pambali, kuti tsiku lina RAM ikadzafuna kupukutidwa musadzakwere minibasi ndi kesi pamiyendo. Mubwere ndi fulashi yopanda kanthu.

Mfana wa pa Ndix:
Ine ndidzabwera kudzaonerera. OptiPlex mukuigulitsa zingati sisi? Ndi ya i5 kapena i3?

Nachisale wa Makamera:
Ndi i5, koma ndikaone kaye kuti ndi ya gen yanji. Wa X570 uja akufuna OptiPlex?

Mfana wa pa Ndix:
Ndi ya mphwanga, sisi. Ya mphwanga.

Admin:
Zamalonda zipite ku gulu lija la zogulitsa. Ulusi uno ndausiya wotsegula mpaka chithunzi cha bokosi chifike Loweruka.